Hilux yanuyo musaidule, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati Hilux yanu yakale ya 2.4 dizilo, yokoka ndi matayala akumbuyo okha (2WD), ingasinthidwe kukhala 4x4 kuti isamatitimire popita ku Chamama nthawi ya dzinja. Kutheka zimatheka, koma ine ndikuti musayambe. Anthu amene akukuyankhani kuti "mungogula difu yakutsogolo basi" ndikukayika ngati anagonapo pansi pa galimoto.

Yambani mwawerenga manati a tayala. Hilux zakale za 2WD zambiri zili ndi manati 5, za 4x4 zili ndi 6, ndipo kusiyanako sikuthera pa tayala ayi. Shasi yake ndi ina. Ya 4x4 inabwera ndi malo omangirapo difu yakutsogolo (kabokosi ka magiya kogawira mphamvu ku matayala akutsogolo), yanuyo ilibe, ndiye makaniko ayenera kudula ndi kuwotcherera. Zakale ngati LN106 zili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo yokhala pa masipuling'i, pomwe zimene zinabwera kuyambira 1997 zili ndi ma torsion bar (ndodo zachitsulo zogwira ntchito ya masipuling'i). Zida za ziwirizi sizilowana.

Giyabokosi yanunso ichoka, muika ya 4x4 yobwera ndi transfer case yake, bokosi logawa mphamvu pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Onjezani ma propshaft awiri, crossmember, ma hub, mabuleki akutsogolo, zida za chiwongolero, ekiselo yakumbuyo ya manati 6, marimu onse, ndi kuboola pansi kuti ndodo yachiwiri ya giya, yolowetsera 4x4, itulukire. Zonsezi muzikafuna ku Lilongwe, ku Biwi kapena ku Malangalanga, chimodzichimodzi, zochotsa pa magalimoto osiyanasiyana. Mtengo weniweni musandifunse, ukusintha mwezi ndi mwezi, koma ndi mamiliyoni angapo makaniko asanalandire yake.

Alamu anga anachita zimenezi. Galimoto inakhala pamiyala kugalaja kuyambira nthawi yofesa nazale mpaka fodya atayamba kuthyoledwa, lero kwasowa chakuti, mawa bawuti sakulowa. Itatuluka inkaoneka bwino zedi, yokwera, anthu n'kumaisirira pa sitolo. Koma palibe amene anaonetsetsa za ratio ya madifu. Yakutsogolo inali 4.88, yakumbuyo 4.3. Pamenepo matayala akumbuyo amafuna kuthamanga kuposa akutsogolo, ndipo Hilux zimenezi zilibe difu yapakati yoti igwirizanitse. M'matope zinkabisika chifukwa tayala limaterera. Tsiku lina mnyamata wawo anaiwala kuchotsa 4x4 atafika pouma, mabelo ali pamwamba ulendo wa ku Chinkhoma. Transfer case inasweka pomwepo, mabelo anachita kuwasamutsira pa lole yahayala. Ngakhale izi zisanachitike, galimotoyo ikafika 80 pa M1 chiwongolero chinkanjenjemera, ndipo tayala lakumanzere linkadyeka mbali imodzi chifukwa zomangira masipuling'i anaziwotcherera mopendama pang'ono. Pogulitsa, aliyense akangosuzumira pansi n'kuona zowotcherera ankachoka osatsazika. Inapita pa mtengo wozizira.

China chimene sanakuuzeni ndi cha mapepala. Ena akuti mugule shasi ya 4x4 yochita ngozi n'kukwezapo bodi ndi injini yanu. Pa ntchito yokha, njira imeneyo ndiye yabwinoko, sindikana. Koma nambala ya shasi isiyana ndi ya mu blue book, ndipo pokapanga COF kapena pa rodibuloko mudzafotokoza mpaka malovu kuuma. Ngati mwalimba mtima, kafunseni kaye ku Road Traffic ndi kwa a inshulansi musanagule ngakhale bawuti mmodzi.

Ndikanakhala ine, ndikanadikira May kapena June alimi akagulitsa fodya ndi soya, ndalama zili m'matumba, n'kuigulitsa momwe ililimo. 2WD yosadulidwa anthu amailimbirana. Ndalama munakonza zosinthirazo muphatikize, mugule 4x4 yobadwa nayo. Poigula musakhulupirire chomata cha pambali: tsekani ma hub, lowetsani L4 (giya yamphamvu ya 4x4) pa dothi, muimve ikukoka.

Komanso taganizani, matope enieni ndi a December mpaka March. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu April misewu itayamba kuuma, soya ndi mtedza ndiye zimatuluka kuli gwa. Feteleza mukhoza kututiratu mu October. Masiku otsalawo, ikani matayala amano akuluakulu kumbuyo, muikenso matumba atatu kapena anayi a mchenga pamwamba pa ekiselo, chifukwa pikapu yopanda katundu ndiyo imavina m'matope. Pofika padambo phwetsani mpweya pang'ono, yambani ndi giya 2, osaponda moto kwambiri. Khasu ndi chingwe cholimba zisachoke kumbuyo kwa mpando. Pamene pakanika, ngolo ya ng'ombe ifikitse katundu pamsewu, ndi yotchipa kuposa transfer case.

Poti mwati injini ndi 2L (dzina la injini ya 2.4 ija, osati malita awiri), lamba wa timing munasintha liti? Amafunika pa makilomita 100,000 aliwonse, ndipo akaduka amapinda mavalavu. Muziyang'ananso geji ya kutentha mukamalimbana ndi matope, 2L ikangowira kamodzi hedi imang'aluka.