Agogo awiri anakondana ku Japan: yankho langa kwa mayi wa ku UK

Sabata yatha ndinalandira imelo yaitali kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zangazi ali ku UK. Dzina sinditchula, anandipempha okha. Ndaidula pang'ono koma mutu wake ndi uwu:

"Achimwene, ine ndili kuno chaka cha 19 tsopano, ndimagwira ntchito yosamala nkhalamba. Mnzanga wa ku Philippines amene timagwira limodzi shifiti ya usiku anandionetsa filimu ya kwawo, When I Met You in Tokyo, ya akuluakulu awiri amene anakondana ali pa ntchito ku Japan. Ndinalira ngati mwana. Ndili ndi zaka 56, bambo a ana anamwalira kalekale, ana ndaphunzitsa onse, ndiye pali bambo wina kuno akundifuna banja. Nditawauza achemwali anga kumudzi anangoti, pa msinkhu wanuwu? Kodi za mufilimuzi zimachitikadi kapena ndi zongopeka? Nanga anthu a ku Philippines bwanji ali paliponse chonchi?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ngati imeneyi. Ndachedwa kuyankha dala, ndimafuna ndiyambe ndaionera kaye filimuyo osamangoyankha za m'mutu, nde ndaionera kawiri, kachiwiriko ndili ndi akazi anga amene anagona pakati n'kudzuka kumapeto kumandifunsa kuti aja akwatirana kapena ayi.

Kwa ena amene simunaione, filimuyi inatuluka pa 25 Disembala 2023 pa mpikisano wa mafilimu wotchedwa Metro Manila Film Festival. Mpikisano umenewu unayamba mu 1975, ndipo chimene chimandisangalatsa ine nchoti nyengo ya Khrisimasi mpaka kulowa chaka chatsopano malo oonetsera kanema m'dzikomo amaika kaye pambali za ku Hollywood n'kumaonetsa za kwawo, anthu n'kumapita mabanja mabanja ngati mmene ife timapitira kunyanja. Mzimayi wa m'nkhaniyi, Azon, ndi Vilma Santos, ndipo bamboyo, Joey, ndi Christopher de Leon. Kwa ife maina amenewa ndi achilendo koma tamufunseni mnzanu wa shifiti ya usikuyo muone mmene nkhope yake iwalire. Vilma anabadwa mu 1953, nde filimuyi imatuluka ali ndi zaka 70, Christopher ndi wa mu 1956. Awiriwa anayamba kusewera limodzi ngati chibwenzi m'ma 1970 ndipo apanga limodzi mafilimu opitirira 20, kutanthauza kuti munthu amene ankawaonera ali mtsikana wa sekondale lero naye ndi agogo, akalamba nawo limodzi. Vilma yemweyu, amene kwawo amangomuti Ate Vi, anakhalapo meya wa mzinda wa Lipa komanso gavanala wa chigawo cha Batangas. Pa mpikisano wa chaka chimenecho anatenga mphoto ya mzimayi wosewera bwino kuposa onse chifukwa cha filimu yomweyi.

Nkhani yake siyovuta. Azon amakonza zipinda mu hotela, sanakwatiwepo, ndalama zake zimathera kwa abale kumudzi. Joey ali ku ntchito ya ulimi, banja lake loyamba linasokonekera. Akumana, poyamba sakugwirizana monga mwa masiku onse m'mafilimu achikondi, kenako zinthu ziyamba kupsa pang'onopang'ono. Zakutsogolo sindinena kuopa kuwaonongera anzathu. Ndikanena chilungamo filimuyi ili ndi shuga wambiri, ndiyaitali, penapake imayenda ngati ngolo, ndipo Japan wake ndi woyera mopitirira muyezo, kulibe bwana wolalata, kulibe mantha a viza. Koma pali chimodzi chimene anachigwira bwino: chikondi cha anthu amene matupi ayamba kudandaula. Sathamangitsana m'maluwa ayi, amafunsana ngati wadya, ngati wamwa mankhwala. Inu amene mumasintha matewera a nkhalamba usiku wonse mukudziwa bwino kuposa ine kuti pa msinkhu winawake funso loti wamwa mankhwala ndi lolemera kuposa kalata ya chikondi.

Ndiye pali chinthu china chimene mnzanuyo amaona chimene ife sitingachione msanga. Mu 2000 Vilma yemweyu anasewera mufilimu ina yotchuka kwambiri kwawo, Anak, ngati mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Hong Kong amene abwerera kumudzi patapita zaka n'kupeza ana amene amawavutikira aja akumuda, makamaka wamkulu, akuti munatisiya. Anthu a ku Philippines analira nayo filimu imeneyo chifukwa mabanja ambiri ali ndi munthu kunja. Nde mukamuona mzimayi yemweyo patapita zaka 23 akuseka ndi mwamuna ku Japan, zili ngati dziko lonse likumuuza kuti basi mayi, mwakwanitsa, tsopano dyani inunso. Ine ndikuona ngati ndi pamenepo pamene misozi yanu inachokera, osati pa chikondi penipenipo.

Funso lanu loti bwanji ali paliponse. Sizinangochitika zokha, ndi boma linakonza. Mu 1974 boma la Ferdinand Marcos linaika m'malamulo a ntchito ndondomeko yotumiza anthu kukagwira ntchito kunja, nthawi imeneyo maiko a Aluya anali atalemera ndi mafuta akufuna omanga misewu ndi nyumba. Amati ndi zongoyembekezera chuma chikhazikike, koma mpaka lero. Anayamba ndi azibambo a zomangamanga ndi a m'sitima za panyanja, kenako azimayi a ntchito za m'nyumba ku Hong Kong, Singapore, Saudi Arabia, Italy, kenako manesi amene mwadzaza nawo m'zipatala za ku UK ko. Amawatchula kuti ma OFW, kutanthauza Overseas Filipino Workers, anthu a ku Philippines ogwira ntchito kunja. Mu 2023 mokha ndalama zimene anatumiza kwawo kudzera m'mabanki zinapitirira madola 33 biliyoni a ku America, tangoganizani. Pulezidenti Corazon Aquino mu 1988 anawauza antchito a m'nyumba ku Hong Kong kuti iwo ndi ngwazi zatsopano, m'chilankhulo chawo amati bagong bayani, ndipo mawuwa anakakamira mpaka pano. Koma ungwazi wake ndi wowawa. Mu 1995 mayi wina wantchito ya m'nyumba, Flor Contemplacion, ananyongedwa ku Singapore pa mlandu wakupha umene anthu ambiri kwawo sanakhulupirire, dziko linawira, ndipo chaka chomwecho anakhazikitsa lamulo loteteza ogwira ntchito kunja. Pano ali ndi unduna wathunthu woona za iwowa basi.

Ku Japan kokhako kuli anthu a ku Philippines opitirira 300,000. Ambiri, makamaka azimayi, analowa m'ma 1980 ndi m'ma 1990 pa viza ya oimba ndi ovina m'malo achisangalalo, mpaka Japan inakhwimitsa viza imeneyo mu 2005, kenako kuyambira 2009 kunayamba kupita manesi ndi osamala nkhalamba pa mgwirizano wa maboma awiriwa. Ndiye anthu a msinkhu wa Azon ndi Joey alipodi, ambirimbiri, anapita ali anyamata akuti zaka ziwiri zokha ndimange nyumba, lero imvi zili mbuu.

Chodabwitsa nchoti chaka chomwecho cha 1974 pamene iwo amatsegula chitseko ife timatseka chathu. Ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi ya ku Joni, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. Koma mawu oti mtchona tinali nawo kale ndipo sanathe. A ku Philippines ali ndi bokosi lawo lotchuka, balikbayan box, chikatoni chachikulu chimene munthu amadzazamo pang'onopang'ono miyezi ingapo, zitini za nyama, sopo, mankhwala otsukira mano, chokoleti, nsapato za mwana amene saizi yake akungoiganizira, m'mipata n'kutsekamo matawulo, kenako kumata tepi kuzungulira kangapo n'kutumiza pa sitima kuti lifike Khrisimasi isanakwane. Ndinaima tsiku lina pa Wenela mu Blantyre basi ya ku Joni itangofika, zikwama zija zamizeremizere zikutsitsidwa, mafuta ophikira, mabulangete, mwana wina atakumbatira chikwama chimene chinalembedwa dzina la agogo ake ndi maka, mwini wake wotumizayo sanabwere. Ndi bokosi lomwelo basi.

Tsopano funso lenileni, zimachitikadi? Eya mayi, zimachitika, koma kawirikawiri sizikhala zoyera ngati mufilimu. Dziko la Philippines, kupatula Vatican, ndi lokhalo padziko lapansi limene lilibe lamulo lothetsa ukwati, kupatula kwa Asilamu amene ali ndi malamulo awo. Ena onse njira yake ndi kupempha khothi ligamule kuti ukwatiwo sunali woona kuyambira pachiyambi, zimene zimadya zaka ndi ndalama zambiri, moti osauka ambiri amangosiyana pakamwa basi. Nde taganizani munthu wakhala kunja zaka 15, mwamuna kumudzi anatenga kale mkazi wina ndipo akudya naye ndalama zomwe iwe ukutumiza, iwe wapeza mnzako wokumvetsa amene nayenso ali ndi mkazi pa pepala, mukhala limodzi koma simungakwatirane, kutchalitchi mukuyenda mozemba poti ambiri ndi Akatolika. Chikondi cha matchona chambiri chimaoneka choncho. Filimu inasankha anthu awiri amene njira yawo ndi yotheka, ndi ufulu wake, koma musaiyese galasi.

Inu mbali imeneyi mulibe vuto, ndinu namfedwa, palibe amene mukumulanda kanthu. Vuto lanu ndi mawu atatu aja a achemwali anu, ndipo pepani ndinena mosapsatira, mwina ndilakwitsa poti sindikuwadziwa. Anthu a ku Philippines ali ndi mawu oti utang na loob, ngongole ya mumtima, imene sumaliza kubweza kwa makolo ndi abale, ife tilibe dzina lake koma tonse tikuidziwa. Munthu ukakhala kunja zaka 19 ukutumiza fizi, feteleza, ya chipatala, ya maliro, ya malata, abale amasiya kukuona ngati munthu woti angasungulumwe. Sikuti ndi oipa ayi, anangozolowera kuti foni yanu ikalira ndiye kuti pali nambala yokatengera ndalama. Ndiye mukati pali bambo, chimene chimamveka kumudzi si chikondi, chimamveka nchoti pabwera wina wogawana naye. Mawu oti msinkhu ndi chovala chabe. Bambo wa zaka 56 akanati akukwatira, achemwali omwewo bwenzi akufunsa mtundu wa nsalu ya yunifolomu.

Koma ndiwaikire kumbuyo pang'ono, mwina akuopanso kuti mudyeredwa, ndipo mantha amenewo si opusa. Za bamboyo simunandiuze zambiri, nde ndikufunsani ngati mlongo wanu. Mapepala ake ali bwino, kapena akufuna akonzere pa inu? Kwawo, kaya ndi ku Mzimba kaya ku Bulawayo kaya ku Lagos, kulibe mkazi amene akudikira? Musamve za iye yekha, pezani munthu wa kwawo amene sakumukonda kwambiri mumufunse. Anayamba wakubwerekani ndalama? Nyumba imene mwamanga kumudzi ili m'dzina la ndani, ndipo ana anu akudziwa kuti zikhala bwanji inu mukadzatsogola? Zimenezi lembani bwinobwino ukwati usanachitike kuti ana asamuone bamboyo ngati wakuba. Kukayezetsa magazi limodzi musachite nako manyazi, matenda saona imvi. Kuona maso a nkhono nkudekha, mwadikira zaka zonsezi, miyezi isanu ndi umodzi siingakupheni.

Ana anu auzeni nokha, pa vidiyo kolo, asamvere kwa azakhali awo nkhani itathiridwa kale mchere. Mwina akhala chete kaye, wina mwina alira pokumbukira bambo ake, musakwiye. Ndipo ankhoswe apezeni ndithu ngakhale muli kunja, ukwati wa akuluakulu nawo umafuna pothawira zikavuta. Achemwali anuwo musakangane nawo, ingowauzani ndalama imene muzitumiza pa mwezi kuyambira tsopano, yochepa kapena yomweyo, bola ikhale yodziwika, ndipo muone ngati nkhani ya msinkhu ipitirire.

Akazi anga atadzuka kumapeto kuja ndinawafotokozera zonse, kuphatikizapo imelo yanu. Anakhala chete pang'ono kenako anati ndikufunseni kuti bamboyo amadziwa kuphika nsima kapena mukhala mukusamala nkhalamba usiku kuntchito, masana kunyumba. Ndiye mundiyankhe limenelo, akudikira.