Nissan 1400 ikulira tiki-tiki: musathamangire kumanga matapeti

Achimwene ena a ku Chinamwali anditumizira imelo. Ali ndi kapikapu ka Nissan 1400 komwe amanyamulira mpunga kuchokera ku Kachulu. Akuti: "Injini yayamba kulira tiki-tiki chakumwamba kwake, ndikaponda moto kulirako kumafulumira. Makaniko wina akuti angomanga matapeti mpaka phokoso litheretu. Ndimulole?"

Ayi achimwene, musamulole. Injini ya galimoto yanuyo ndi A14, ndipo camshaft yake ili pansi, m'buloko. Camshaft imakankha pushrod (kandodo kachitsulo), pushrod imakankha rocker (kachitsulo kopendekeka pamwamba pa hedi), rocker n'kutsegula valve, kachitseko kolowetsa mafuta ndi mpweya kapena kotulutsa utsi mu silinda. Pakati pa rocker ndi mutu wa valve pamayenera kutsala kampata, chifukwa zitsulo zikatentha zimafutukuka. Kumanga matapeti ndiko kuchepetsa kampatako, ndipo pa A14 kamayenera kukhala 0.35 mm injini ili yotentha. Mukakatseka pofuna bata, valve simakhalanso bwino pampando pake. Chonsecho m'pamene imatayira kutentha kwake. Ya ekizosi ndiyo imayamba kupsa, mphamvu n'kuchepa, tsiku lina mudzangoona galimoto ikukanika chitunda cha Ku Chawe, ndiye basi kutsitsa hedi. Matapeti a injini zimenezi amalira pang'ono mwachibadwa. Ine injini ya A14 yongoti zii ndimaikayikira kuposa yomwe ikunong'ona.

Musanamasule nati iliyonse, pezani kaye kumene phokosolo likuchokera. Yambani ndi oyilo, muone ngati ali pamlingo wake. Kenako lizani injini, tengani sikuludiraiva yaitali, nsonga muigunditse pa kava ya matapeti, chogwirira muchitsamize kukhutu, muziyenda nayo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Samalani ndi fani, malaya muwapisire. Camshaft imazungulira kamodzi pomwe crankshaft yazungulira kawiri, choncho kulira kwa matapeti kumakhala kopepuka, kotalikirana, moti pa aidolo mutha kukutsatira ndi chala.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimapusitsa anthu. Gasiketi ya manifodi ya ekizosi ikaphulika imaliranso tiki-tiki, makamaka m'mawa wozizira wa Juni uja, koma injini ikatentha phokoso limachepa. Yang'anani mwaye wakuda pamene manifodi yakumana ndi hedi. Chinacho n'choopsa: kugogoda kolemera, gu-gu-gu, kochokera pansi. Zulani waya wa pulagi umodziumodzi, ndi pulayala yokutidwa bwino. Kugogodako kukachepa pa silinda ina, vuto ndi bering'i, ndipo galimotoyo isayendenso.

Ngati khutu lakutengerani ku kava, pitani ku Songani ndi kubwerera kuti injini itenthe bwino, ndiye mutsegule. Chomwe ndimayamba kuona ine si mpata ayi, ndi oyilo. Ma rocker onse azikhala onyowa. Mukapeza phala lakuda lomata ngati la pansi pa mphika, kapena rocker ina ili gwa, ndiye kuti kanjira ka oyilo m'shafiti katsekeka, ndipo kusintha mpata sikungathandize kanthu.

Poyeza, zungulitsani injini ndi sipanala pa pule ya kutsogolo mpaka ma rocker a silinda 4 akhale akusinthana, ina ikutseka ina ikuyamba kutsegula. Pamenepo yezani silinda 1. Tsatirani 1-3-4-2: ya 3 muyeza pamene ya 2 ikusinthana, ya 4 pamene 1, ya 2 pamene 3. Feeler gauge (geji ya timasamba tachitsulo toyezera mpata) ilowe pakati pa rocker ndi valve ikukoka pang'ono, osati mochita kukakamiza. Mpata mumasintha ndi sikuluwu ya pa rocker; pomanga nati yake gwirani sikuluwuyo isatembenuke, mukatero yezaninso, chifukwa imakonda kusuntha.

Tsono apa m'pamene amakaniko ambiri amagwa mphwayi. Mwayeza, geji ikuti 0.35, koma mukaliza phokoso lili pomwepo. Galimoto zimenezi anasiya kupanga ku South Africa mu 2008, kotero ngakhale yatsopanoko yaona zambiri. Nkhope ya rocker, pamene imagunda valve, imadyeka n'kukumbika kadzenje. Geji imangodutsa pamwamba pa kadzenjeko n'kukunamizani, pamene mpata weniweni ndi waukulu. Chotsani shafiti ya ma rocker, mupalase ndi chikhadabo. Chikakodwa, rocker imeneyo isinthidwe kapena akaisalaze odziwa. Muigwedezenso pa shafiti pake muone ngati ikusewerasewera.

Shafiti ili kunja choncho, sololani ma pushrod, koma aliyense adzabwerere pabowo pake. Boolani katoni, mulembe 1 mpaka 8. Agubuduzeni pagalasi: wopindika amadumphadumpha, ndipo wotero osawongola ndi hamala, kugula wina basi. Zonsezi zikakhala bwino, bwezerani, zungulitsani injini ndi dzanja mukuyang'anitsitsa. Rocker yomwe sikutsika mokwanira ngati zinzake ikukuuzani kuti camshaft yadyeka, ndipo imeneyo ndi ntchito yotsitsa injini.

Inu a Hiace ndi Hilux za injini ya 4Y, izi za geji sizikukukhudzani. Matapeti anu amadzisintha okha ndi mphamvu ya oyilo, ndiye akamalira yambani mwasintha oyilo ndi fyuluta.

Achimwene, gulirani kale gasiketi ya kava musanatsegule, chifukwa yakaleyo nthawi zambiri imaduka pochotsa. Mukayeza, ndilembereni manambala onse 8 momwe munawapezera musanasinthe kanthu, tidzaone limodzi.