Mpatseni ndalama ya book fair, musamuchititse manyazi ngati ine

Achemwali, mpatseni ndalamayo, ndithu mpatseni. Ndangowerenga funso lanuli, loti kodi mumpatse mwana wanu ndalama ya book fair, malonda a mabuku amene amachitikira kusukulu, mtima wayambanso kuwawa ngati zimene zinandichitikira ine zachitika dzulo.

Wanga wachisamba anali Year 6, kalasi yomaliza ya pulayimale, tangofika kumene kuno ku Leeds, ku England. Anabwera ndi kapepala ka mabuku m'chikwama, ine tulo tili m'maso pochokera ku night shift, ndinangoti "kuona salipira, ukaone basi." Sindinkadziwa kuti amatenga kalasi yonse kupita nayo mu holo, aliyense n'kulemba mabuku amene wawakonda, ena kugula pompo. Iye anasankha la ana osochera pachilumba, la mapu pachikuto, £7.99. Mlungu wonse nkhani inali yomweyo. Mpaka analibisa kuseri kwa mabuku ena kuti wina asalitenge, tangoganizani.

Tsiku lomaliza ndinapita ataweruka, yunifomu ya ku care home ili m'thupi. Mzere wa makolo wautali. Kufika patebulo, khadi ya ku banki yakana. Kuyesanso, yakana. Lendi inali itatuluka m'mawa womwewo, ya feteleza ndinali nditatumiza kale kumudzi ku Ntcheu. Mayi amene ankalandira ndalama, kholo ngati ine ndemwe, m'malo mondinong'oneza anakweza mawu holo yonse kumva, akuti ngati simungakwanitse kabwezeni bukulo, anthu akudikira. Mwana wanga sanadikire kuti ndimuuze. Analinyamula yekha, kukaliika pashelefu, n'kuliwongola bwinobwino ndi manja onse awiri, osandiyang'ana. Anzake awiri ali pamzere pomwepo. M'basi monse kukamwa kuli phee. Mayi ameneyo ndinkakumana naye pageti chaka chonse, akumwetulira ngati palibe chimene anachita, ine moni wanga sanaumvenso.

Nayo sukulu ndimaidandaula. Pa zimene zagulitsidwa amapezapo gawo lawo, mabuku aulere a m'laibulale yawo, n'chifukwa chake amakokera ana onse kumeneko, amene ali nazo ndi amene alibe omwe. Ndipo patebulo pafupi ndi polipirira si mabuku ayi, ndi mapeni onunkhira, zofufutira, maposita, zimene mwana amathamangira.

Koma musapereke zambiri! Chaka chotsatira, ali Year 7, pofuna kufufuta manyazi aja ndinampatsa £20, anabwera ndi peni ya inki yosaoneka ndi posita ya mpira, buku ngakhale limodzi ayi. £10 yakwana, muike mu envelopu, mulembe dzina la buku pamwamba. Kunena zoona, pakanapanda manyaziwo ine ndikanati osagula n'komwe kumeneko. Khadi ya laibulale ya khonsolo ndi yaulere, buku la pachilumba lija tinakalipeza konko Loweruka la mlungu wa manyazi uja pamodzi ndi otsatira ake onse, anawamaliza pa milungu itatu, akuwerenga ndi tochi m'bulangete. M'ma charity shop, mogulitsira katundu wogwiritsidwa kale ntchito, mabuku a ana amakhala 50p kapena £1. Lachinayi loyamba la Malichi kuli World Book Day, amawapatsa token ya £1, kapepala kogulira buku, musaitaye pochapa yunifomu ngati mmene ndinachitira ine. Patchuthi cha chilimwe mulembetseni Summer Reading Challenge, pulogalamu yolimbikitsa ana kuwerenga, ku laibulale komweko.

La pachilumba lija ndinadzamugulira lakelake pa Khirisimasi. Lili pashelefu mpaka lero, sanalitsegulepo.