Chipani chatsopano usachiyese ndi khamu la pamsonkhano

Mdzukulu wanga, wafunsa kuti: "Agogo, zipani ziwiri zazikulu zatitopetsa, zimangosinthana mpando koma moyo wathu uli pomwepo. Kwabadwa chipani chatsopano ndipo anzanga onse alowako. Makolo anga akuti ndikataya voti. Kodi ndilowe?"

Kutopa kwakoko n'komveka, ndipo chipani chatsopano chimatha kupambana ndithu. Ku France, Emmanuel Macron adayambitsa gulu lake mu Epulo 2016, pofika Meyi 2017 n'kukhala pulezidenti, oimira zipani ziwiri zakalezo atagwa m'gawo loyamba la chisankho. Koma liwiro lotere silichitikachitika. Ku Senegal, chipani cha Pastef chidayamba mu 2014 n'kudzalowa m'boma mu 2024. Ku Zambia, UPND idabadwa mu 1998, ndipo mtsogoleri wake Hakainde Hichilema adagonja kasanu asadapambane mu 2021. Zaka 23, mdzukulu wanga! Ngati ukulowa poganiza kuti chaka chamawa mukhala muli m'boma, udzatuluka msanga uli wokhumudwa.

Za kutaya voti, makolo ako sakunama kwenikweni, kungoti yankho lake lagona pa kawerengedwe ka mavoti m'dziko lanu. Taona izi. Mu 2024, chipani cha Reform ku Britain chidapeza mavoti pafupifupi 14 pa 100 alionse, koma chidangotenga mipando 5 mwa 650. Chaka chomwecho ku South Africa, chipani cha MK, chisadathe n'chaka chomwe, chidapeza mavoti opitirira pang'ono 14 pa 100 alionse n'kutenga mipando 58 mwa 400. Mavoti ofanana, zokolola zosiyana kutalitali. Chifukwa chake n'chakuti ku Britain dera lililonse limasankha phungu mmodzi, ndipo woposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi, ndiye watenga zonse. Mavoti a wachiwiri amangopita padera. Ku South Africa mipando imagawidwa molingana ndi mavoti amene chipani chapeza.

Tsono ngati kwanuko amasankha phungu mmodzi pa dera, chipani chaching'ono chanzeru sichimwaza mphamvu zake dziko lonse. Chimasankha madera ochepa kumene chili ndi anthu, n'kulimbikira komweko. Chikamwazika chimangogawa mavoti a odandaula, amene mumafuna kumuchotsa uja n'kudutsa pakati panu akuseka. Kumene pulezidenti amayenera kupeza mavoti opitirira theka, nkhani imasintha: voti yako ya m'gawo loyamba siitayika, chifukwa pakasowa wopitirira thekalo, awiri otsala m'gawo lachiwiri adzabwera kudzapempha chipani chanu, ndipo pamenepo mumapereka zofuna zanu.

Khamu la pamsonkhano lisakunyenge. Ena amadzera nyimbo, ena kudzangoona, ndipo ambiri mwa iwo dzina lawo mulibe m'kaundula wa ovota. Otsatira a pa Facebook ndiye asakupusitse n'komwe. Funsa kuti chipanicho chili ndi nthambi zingati zimene zimakumanadi, komanso ngati chingaike mamonitala pamalo aliponse oponyera voti. Tiyerekeze kuti dera lili ndi malo 60. Pafunika anthu osachepera 120, awiriawiri, kuti wina akatuluka mnzake atsale akuyang'ana bokosi. Anthuwo ayenera kuphunzitsidwa kukhalapo mpaka mavoti awerengedwe, kusaina pepala la zotsatira ataliwerenga bwinobwino, ndi kutenga kope lawo. Zipani zatsopano zambiri zimalira kuti zaberedwa, koma ku khoti zimafika zilibe mapepala amenewa, ndipo woweruza samvera misozi.

Kenako suzumira m'kati, pakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pempha malamulo a chipanicho uwerenge wekha. Kodi mtsogoleri adasankhidwa pa msonkhano waukulu, kapena adangodziika yekha? Oimira chipani m'madera amadutsa m'zisankho zachipulula, kapena amalozedwa ndi chala? Ndalama zikuchokera kwa yani? Chikamadya m'thumba la munthu mmodzi, chimenecho ndi katundu wake, tsiku limene adzagwirizane ndi akuluakulu aja adzachigulitsa inu muli m'tulo. Uonenso nkhope za kutsogoloko. Nthawi zambiri "atsopanowo" amakhala akale omwe aja amene adaluza mpando m'chipani chawo. Ku South Africa komweko, COPE idayambitsidwa mu 2008 ndi anthu ochoka mu ANC, ndipo mu 2009 idapeza mipando 30. Atsogoleri ake awiri, Mosiuoa Lekota ndi Mbhazima Shilowa, adayamba kulimbirana mpando mpaka ku makhoti, ndipo mu 2014 idatsala ndi mipando itatu yokha.

Ukakhutira, lowa, koma ulowe ndi ulemu wako. Makolo ako ali ndi zifukwa zawo zokondera chipani chakalecho, mwina chidawachitira zimene iwe sudazione. Afunse, uwamvere mpaka amalize, kenako unene zako mofatsa, osawatcha otsalira. Akakana asiye, voti ndi yachinsinsi, aliyense akalowa yekha. Usang'ambe zithunzi za a chipani china, usagende msonkhano wawo, ndipo uthenga wonyoza munthu umene sukudziwa gwero lake usautumize kwa anzako. Wamkulu wina akakupatsa ndalama kuti ukasokoneze anzako, umufunse kuti ana ake adzakhala kuti tsikulo. Apolisi akabwera amagwira amene mwala uli m'manja, wotuma uja ali kwake.

Ndipo chiphaso cha chipani sichivota. Pita kaye ukalembetse m'kaundula nthawi isadathe, ndipo akadzatsegula masiku oona maina upitenso, ukatsimikize kuti dzina lako lalembedwa bwino komanso lili pamalo pamene udzavotere.