Funsani Malume: Tsiku la mpira pakhomo panga pamasanduka depoti

Malume, ine ndimakhala kufupi ndi Mangochi Stadium ndipo mpira sindidana nawo ayi, bambo akunyumba ndi a Maule enieni. Koma likafika tsiku loti kwabwera timu yaikulu timakhala ngati akaidi pakhomo pathu pomwe. Kamsewu kolowera kwathu amakatseka ndi chingwe cha m'ma 11 koloko osatiuza n'komwe dzulo lake, ndiye masienta, maminibasi ochokera ku Liwonde ndi ku Monkey Bay, malole odzadza masapota otsika ku Namwera, onse amangopaka paliponse pomwe aona kamthunzi, mukudziwa kale dzuwa la kuno. Ulendo wapitawu wina anaimika galimoto pageti penipeni ine ndili ndi makulabokosi awiri a chambo oti ndikasiye kwa kasitomala, ayezi akusungunuka, mwini galimoto ali mkati akuimba nyimbo za timu yake. Ndinachita kusenza mpaka kumsewu waukulu kukapeza kabaza. Nanga akanakhala apongozi adwala mwadzidzidzi? Anzanga akuti ndizingophwetsa matayala, ndichite zimenezo?
Mayi wotopa, Mangochi Boma

Mayi, matayalawo asiyeni kaye chonde. Mukaphwetsa galimoto ija igona pageti panu mpaka mawa, komanso kupolisi wokayankha mlandu woononga katundu ndinu, iye uja n'kusanduka wodandaula. Zowawa koma ndi choncho.

Kutseka geti la munthu ndi galimoto n'kulakwa, palibenso zokambirana apa. Jambulani nambala pafoni, pitani kwa a tirafiki omwe ali pa ntchito tsikulo, ndipo apempheni kuti nambalayo ailengeze pa chimkuzamawu mu sitediyamu, munthu akamva nambala yake pagulu amatuluka chothamanga ngakhale kukhale penate.

Koma pa nkhani ya chingwe ndikukhumudwitsani pang'ono, ine ndili mbali ya chingwecho. Kumbukirani za pa 6 July 2017 ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, anthu 8 anafa popondana pageti, ambiri mwa iwo ana, tsiku lomwe Bullets imasewera ndi Silver Strikers pa chikondwerero cha ufulu. Mageti anachedwa kutsegulidwa, chikhamu n'kuunjikana malo amodzi. Zikafika potero chimene chimapulumutsa anthu ndi mpata, woti chigulu chimwazikire komanso woti ambulansi ilowe ndi kutuluka, ndiye tangoganizani misewu yonse yozungulira bwalo itadzadza magalimoto mbali zonse ziwiri. Chingwe chikachoka malole aja afika mpaka pakhonde panu.

Cholakwika n'choti akutseka osakuuzani, ndipo akutseka osawalozera oyendetsa kopita. Dalaivala wachoka ku Balaka m'mawa, wafika wapeza chingwe, palibe chikwangwani palibe womuuza kuti kapakeni uko, mukuti atani? Apaka pa inu basi. Vutoli si la kwanu kokha, amene anapitako ku Kamuzu Stadium tsiku la Bullets ndi Wanderers akudziwa mmene ku Chichiri kumathinira. Mabwalo athu timawerenga mipando ndi mageti, za koimika galimoto timakumbukira litafika tsiku.

Ndiye musapite nokha kukadandaula, mutu umodzi susenza denga. Sonkhanani apamudzi nonse amene chingwe chimakukhudzani, mudzere kwa amfumu kapena a buloko lida, mulembe kalata imodzi yosainira nonse yopita kukhonsolo, kope ina kupolisi ina kwa oyang'anira bwalo. Ndandanda wa masewera a ligi yaikulu a SULOM, bungwe loyendetsa ligiyo, amautulutsa kukadali nthawi, choncho palibe anganene kuti gemu inamudzidzimutsa. Pemphani kuti azikudziwitsani kutatsala masiku awiri kapena atatu, ngakhale pa gulu la WhatsApp chabe, komanso kuti okhala mkati mwa chingwe mukhale ndi kachiphaso koonetsa pofuna kudutsa. Chachikulu pemphani kuti magalimoto alendo aziwapezera malo patali pang'ono, kaya pa giraundi ya sukulu poti Loweruka ndi Lamulungu ana kulibe, anthu azimalizitsa ndi kabaza. Kuno kabaza sasowa, anyamata aja angasangalale zedi, sukulunso ipezepo kangachepe kogulira choko.

Zoti muzilipiritsa paking'i pabwalo panu zilipo ena amachita, koma funsani kaye kukhonsolo, komanso dziwani kuti mukalandira ndalama ya munthu galasi likasowa adzakuloza ndinu.

Za chambo zija, tsiku la gemu kaperekeni m'mawa chingwe chisanamangidwe. Ndipo abambo akunyumbawo asanavale jezi yofiira aziyamba akuthandizani kusenza makulabokosi.
Malume