Zaka 4 zanuzo mwina ndi 9

Achimwene, mwati laputopu mwakhala nayo zaka 4, ikuchedwa kuyaka, batire silikutha ndi theka la ola lomwe, ndiye mukufunsa ngati yakwana nthawi yogula ina. Ndiyambe ndakufunsani: munaigula yatsopano m'katoni, kapena ndi zija za ex-UK? Zambiri zomwe timagula ku Limbe ndi ku Lilongwe ndi kaunjika ndithu, zimafika zitagwira kale ntchito zaka zingapo m'maofesi akunja.

Ndiye msinkhu wake weniweni muuone pa purosesa, ubongo wa laputopuyo. Lowani mu Settings, kenako System, kenako About. Mukapeza i5-6300U, 6 woyambayo ndi m'badwo wake, wa 2015. Mukapeza i5-8250U, ndi m'badwo wa 8, wa 2017. Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa Microsoft inathetsa chisamaliro cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kuphatikizapo kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0.

Koma matenda awiri mwatchulawo ndi ochizika. Batire limayamba kutopa likatchajidwa maulendo 300 mpaka 500, ndipo ndi magetsi athu ozimazimawa, maulendo amenewo sachedwa kukwana. Gulani lina basi.

Kuchedwako nthawi zambiri ndi hard disk, chosungira mafayilo cham'kati. Laputopu yanga ya ThinkPad ndinkaiyatsa, kupita kukatereka madzi a tiyi, pobwera ndimapeza ikadazungulirabe. Ndinaikitsa SSD, chosungira chothamanga kuposa hard disk, RAM (memori yogwirira ntchito) n'kuikweza kuchoka pa 4GB kufika pa 8GB, pano ndisanakhazikike bwino pampando yayaka kale. Tsiku lomwelo mnyamata wokonzayo atatsegula pa fani anatulutsa chimpukutu cha fumbi ngati thonje la m'pilo, ine manyazi. N'chifukwa chake inkandiotcha pamiyendo ikafika nyengo yotentha.

Ine ndingakuuzeni kuti muisiye ngati yapsa motherboard (bolodi lalikulu lam'kati), kapena mahinji athyoka mpaka kung'amba sikirini, mtengo wokonzetsa n'kufika theka la mtengo wa ina. Ikakhala ya m'badwo wa 7 kutsika m'munsi koma ntchito yanu ndi kulemba ndi intaneti chabe, Linux Mint, yomwe mungaike m'malo mwa Windows, ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa zakalezi, kungoti masiku oyamba mudzasokonezeka pang'ono.

Musanapite nayo kwa okonza, koperani kaye mafayilo anu pa flash. Nambala ya purosesayo mulembe pansipa tiione.