Kodi amayi anga adikire mankhwala a nano m'malo mwa kemo?

Adokotala, amayi anga anawapeza ndi khansa ya m'mawere miyezi inayi yapitayo. Akukana kemo, mankhwala amphamvu opha maselo a khansa, chifukwa anzawo akuti kemo ndi imene imapha munthu msanga. Ndawerenga kuti kunja kuli mankhwala a nano amene amalunjika pa khansa pokha, ndipo wina akutigulitsa makapisozi otere pa WhatsApp. Tiziwapatsa amenewa? Wodandaula, Zomba.

Chemwali, ndikuona kuti chimene mukufuna n'chakuti amayi achire osazunzika, ndipo zimene mwawerengazo si zabodza zonse. Popanga mankhwala a nano, asayansi amatsekera mankhwala a khansa m'timipira ting'onoting'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso, n'kumata kunja kwake tizidutswa ta mapuloteni totchedwa ma peptide. Peptide imakhala ngati keyala pa envelopu: imagwira malo ena amene amachuluka pa maselo a chotupa ndi pa mitsempha yochidyetsa, selo n'kumeza kampirako. Peptide yodziwika kwambiri ndi yotchedwa RGD, imene asayansi Erkki Ruoslahti ndi Michael Pierschbacher anaifotokoza mu 1984.

Koma njira ya ma peptide imeneyi ikadali pa kafukufuku. Mu 2016 akatswiri ataunika zotsatira za zaka khumi, makamaka za pa mbewa, anapeza kuti pa timipira tobayidwa m'thupi, pafupifupi 0.7 peresenti yokha ndi imene inkafika pa chotupa. Tambiri timathera m'chiwindi. Mankhwala a timipira amene akugwiritsidwa ntchito kale alipo, monga Doxil amene anavomerezedwa ku America mu 1995 pochiza khansa ya Kaposi, imene kuno kwathu tikuidziwa bwino. Koma Doxil alibe peptide, amaperekedwa pa diripi, ndipo mkati mwake muli doxorubicin, yemwe ndi kemo yomweyo imene amayi akuithawa. Za makapisoziwo, peptide wamba ikamezedwa mimba imaigaya monga imagayira nyama. Musatayirepo ndalama.

Tsopano nkhani ya anzawo ija. N'zoona, ambiri tinaonapo munthu atayamba kemo n'kumwalira posakhalitsa. Koma funsani kuti anafika liti kuchipatala. Nthawi zambiri amakhala atazungulira kwina konse kwa miyezi, chotupa chitaphulika, khansa itafika kale m'mapapo kapena m'mafupa. Akamwalira, anthu amaloza diripi poti ndi imene anaiona komaliza. Amene anayamba msanga n'kuchira simuwamva, ali kumunda ndi kumsika, ndipo ambiri sauza anthu kuti anadwalapo. Kemo ndi yowawa, sindikubisirani: tsitsi limathothoka, mseru umabwera, thupi limafooka. Koma tsitsi limameranso, mankhwala oletsa kusanza alipo, ndipo magazi amayezedwa nthawi zonse asanaikidwe diripi kuti tione ngati thupi lingapirire.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi miyezi inayiyo. Inu, mwana wawo wodziwa kufufuza pa intaneti, simunayenera kulola kuti ithe chonchi, chifukwa chotupa chimene chikanatheka kuchotsedwa ndi opaleshoni chimatha kufika posatheka. Sabata ino bwererani nawo kumene anawayeza, mutenge buku lawo la kuchipatala ndi zotsatira zonse, kuti akutumizeni ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mukafunse kuti khansayo yafika pati ndiponso ayamba ndi chiyani, kemo kapena opaleshoni. Amayi akanene okha mantha awo pamaso pa dokotala. Ngati ayamba kale kumwa makapisozi kapena zitsamba, nyamulani zomwezo akazione, pakuti zina zimawononga chiwindi ndipo zingachedwetse chithandizo.